Dzanja la Asekulu pansi pa mlatho

Pali chinthu chimene sindinauzepo ngakhale mwamuna wanga: ndikamawoloka mlatho wakale wa kwathu ku Karonga, ndimayenda chothamanga, maso ali pansi.

Ndinali mu Sitandade 4. Mlathowo unali wa matabwa oyalidwa pa zitsulo za njanji, ngakhale sitima ya pamtunda sinafikepo kwathu. Tsiku lina m'chilimwe, mtsinje utaphwa, agogo anga aamuna, amene tinkawatchula kuti Asekulu, ananditsitsira pansi pake. Kunkanunkha dzimbiri ndi zitosi za mileme. Anandiuza kuti zitsulozo zinabwera pa sitima ya pamadzi nthawi ya atsamunda, ndipo iwo ndi anzawo anazisenza pamapewa kuchokera kunyanja. Mng'ono wawo anakokoloka ndi madzi pomwepo. Kenako anandionetsa chidindo cha dzanja pa mzati. Womanga aliyense ankasiya lake simenti isanaume. Ataika dzanja lawo, linakwana ndendende, ndi chala chawo chimene chinaduka pa ntchitoyo chomwe.

Patapita miyezi, a chipani anaupaka penti mlathowo. Aphunzitsi athu, bambo ofatsa ochokera ku Dowa, anatiphunzitsa nyimbo yothokoza chipani potimangira mlatho. Ine ndinakweza mkono monyadira, n'kunena kuti anamanga ndi Asekulu, dzanja lawo lilipo. Aphunzitsiwo anangoti, "Khala pansi, mwana iwe." Koma m'kalasimo munali mwana wa tcheyamani wa chipani.

Loweruka anyamata a chipani a malaya ofiira anawaimika Asekulu pakati pa mlatho, anthu opita kumsika akuonerera. Anawalamula kunena mokweza kuti ndi abodza. Ananena. Kenako anawapatsa ndowa ya simenti kuti akamate okha dzanja lija.

Madzulo ake Amama anandikwapula ndi ndodo ya chinangwa mpaka inathyoka, nawonso akulira. "Ukufuna adada anga akafere kundende? Zimene waona uzimeza."

Ndinameza. Asekulu sanapondenso pa mlathopo mpaka imfa yawo. Ankazungulira kukawolokera m'madzi. Munthu wamkulu kukwinya buluku, kumira m'matope, kuopa chinthu chimene chinadya chala chake ndi mng'ono wake. Ndikakumbukira, magazi amawira. Penti ya chipani ija inasuka ndi mvula ya chaka chomwecho.

Mwezi watha ndinkawoloka ndi mwana wanga Lusungu, ndipo anandifunsa kuti anamanga ndani. Dzanja langa linapita lokha kukamutseka pakamwa. Chipani chija chinagwa kalekale, ine ndinafika mpaka ku koleji, koma ntchito yawo ndinkaigwirabe ndine, popanda wondituma. Apo m'pamene ndinazindikira chimene anamata tsiku lija: pakamwa panga.

Ndinatola mwala, tinatsikira pansi pa mlatho. Simenti yomata ija inali yosalimba, nditaimenya inangosweka. Lusungu anaika kadzanja kake m'kati mwa la Asekulu.

Tsopano akuuza aliyense, kusukulu ndi kutchalitchi komwe. Akatuluka m'mawa khutu langa limakhala kumsewu. Inu amene munakulira nthawi ija, ndiuzeni: ndinachita bwino kumuonetsa?