Mayina pa Makhadi a Mabuku

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'laibulale ya sukulu ina ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Buku lililonse linali ndi kathumba kuchikuto chakumapeto, ndipo m'kathumbamo munkakhala khadi. Munthu akabwereka buku ndinkalemba dzina lake pakhadipo. Buku likabwezedwa, khadi linkabwerera m'kathumba, mayina onse ali pomwepo.

Chaka chachiwiri kunayamba kubwera bambo wina Lachisanu lililonse. Ahedi anati ndi mnzawo wa kutchalitchi, wokonda kuwerenga. Ine sindinawaonepo akuwerenga. Ankatsitsa buku pashelefu, n'kutsegula kumapeto, n'kusolola khadi.

"Achimwene, mumalemba bwino," anandiuza tsiku lina. "Dzina lililonse likuwerengeka."

Ndinathokoza. Masiku amenewo a chipani chimodzi, munthu unkathokoza chilichonse.

Pasanathe nthawi, apolisi anadzatenga mphunzitsi wina amene ankabwereka mabuku kuposa onse. Sanabwererenso pasukulupo. Kaya bambo aja anatengapo mbali, sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndinkadziwa n'chakuti dzina la mphunzitsiyo linali pamakhadi ambiri, ndipo wolemba ndinali ine.

Nditamva kuti ku Lirangwe akufuna wothandiza m'kalaibulale ka mpingo, ndinalemba kalata yofunsira ntchitoyo. Amalume, amene anandipezera ntchito ya ku Chileka ija, anakwiya.

"Anzako akulowera ku Blantyre, iwe ukupita kokayang'ana msika? Walakwa chiyani kumeneko?"

Ahedi anafunsa funso lomwelo, koma motsitsa mawu. Ndinanama kuti mayi akudwala.

Ku Lirangwe ndinapeza amayi ena achikulire, opuma pa uphunzitsi, akuyang'anira mashelefu anayi okha. Tsiku loyamba nditatenga cholembera kuti ndilembe dzina la wobwereka, anandigwira dzanja.

"Ayi bambo, kuno sitilemba anthu."

Wowerenga aliyense anali ndi katikiti kake. Akatenga buku ankasiya tikitiyo, ife n'kuiphatikiza ndi khadi la bukulo m'kabokosi. Akabweza buku, tikiti ankapita nayo kwawo. M'bukumo munkatsala madeti okha. Ndikanakalambira ku Chileka, bwenzi ndikukhulupirirabe kuti njira yobwereketsera mabuku ndi imodzi basi.

Sindinawafunse amayiwo ngati ankachita zimenezi dala. Iwonso sanandifunse chimene chinandichotsa ku Chileka. Tinagwira ntchito limodzi zaka zinayi, aliyense akusamala pakamwa pake.

Tsiku lina la msika, amayiwo atachokapo, kunalowa bambo wachilendo wovala jekete. Anatsitsa buku lina lonena za maiko oyandikana nafe, n'kufunsa anthu amene analiwerengapo. Ndinawatsegulira kumapeto. Anayang'ana madetiwo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Nkhope zawo simukuzikumbukira?"

"Anthu amabwera ambiri, bwana."

Anabweza buku pamalo olakwika, n'kutuluka. Anthu onse asanu ndi awiri amene anabwerekapo bukulo ndinkawakumbukira.