Tsiku Limene Bambo Anapereka Sawatcha kwa Nduna

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene banja lathu linataya mwayi wokhala ku Perth, ndipo amene anawerenga mzere umene ukanatipulumutsa ndinali ine.

Tinkakhala ku Girrawheen, dera lina la mzindawo, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo ankayendetsa makina onyamulira katundu ku Kewdale, koma asanabwere kuno anagwira usilikali ku Malawi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mpaka kupuma ali sajeni. Usilikaliwo sunawachoke. Ankapolisha ngakhale jombo za kuntchito, zimene mawa lake zinkabweranso zili mbuu ndi fumbi. Kutchalitchi aliyense ankangowatchula kuti a Sajeni.

Kalata ya boma inafika Lachiwiri, amayi ali kuntchito. Magalasi a bambo anali atasweka, choncho anandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza. Inali ya masamba asanu. Tsamba loyamba linati pempho lathu la viza yokhalira m'dziko muno lakanidwa. Lomaliza linati tikafuna kuchita apilo kubwalo loona madandaulo tili ndi masabata anayi, ndipo nthawiyo ikadutsa palibe amene angaiwonjezere.

"Apilo?" anatero bambo. "Ndikasumire boma la eni ake? Mlendo sasumira mwini nyumba, Tamanda."

"Koma adadi, apa alemba kuti..."

"Ndamva. Ndipo amako usawauze. Atopa kale."

Anaipinda kalatayo n'kuiika m'chitini cha mabisiketi chimene ankasungiramo mamendulo awo.

Bambo anali ndi njira yawoyawo. Nduna yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko panthawiyo inali msilikali wakale, ndipo mbiri yake ankaidziwa ngati ya mbale wawo. Inalowa usilikali itangomaliza sukulu. Inapita kunkhondo kunja, inapuma ili meja, inaima pachisankho n'kukhala phungu, kenako inapatsidwa unduna. Nkhani zake bambo ankazidula m'nyuzipepala zimene anzawo ankasiya pamalo odyera kuntchito. Kwa iwo nkhaniyi inali yapafupi: msilikali akakhala ndi vuto sathamangira kukhoti, amakaonekera kwa mkulu wake. Ndipo kutchalitchi anali atalengeza kuti ndunayo idzabwera kudzacheza ndi anthu ochokera kumaiko ena muholo ya m'dera lathu, Loweruka la sabata yachitatu chilandirire kalata ija.

Mnzawo wa ku Lusaka, a Zulu, sankadziwa za kalatayo, koma atawapeza akupukuta mamendulo anaseka mpaka kutsokomola.

"Imwe ba Sajeni, kuno si ku baraki! Ba minisita bagwira manja bantu bambili maningi. Bazakukumbukilani imwe?"

"Inu anthu wamba simungamvetse," anayankha bambo. "Msilikali amadziwa mnzake pa kaimidwe."

Kalata yopita kwa nduna ndinaitayipa ine kulaibulale. Inali ya masamba awiri. Tsamba limodzi ndi theka linkafotokoza ntchito imene bambo anagwira yosungitsa mtendere ku Congo. Za viza zinangotenga theka lotsalalo.

Loweruka lija kunatentha. Muholo munkanunkha tiyi, masamusa ndi thukuta. Bambo anavala suti yakuda, mamendulo atatu pachifuwa, ndipo tinaima pamzere pafupifupi ola lathunthu. Nthawi yathu itakwana, anagunditsa zidendene za nsapato n'kupereka sawatcha. Anthu anacheuka. Ana ena anaseka, ine manyazi anandigwira. Ndunayo inali yaifupi kusiyana ndi m'mene inkaonekera pazithunzi, maso ali ofiira chifukwa chotopa. Inawongoka n'kufunsa bambo kumene anagwira ntchito. Anacheza mphindi ziwiri za mvula ya ku Congo ndi chakudya cha m'zitini. Kenako inalandira envulopu ija n'kuipereka kwa mayi wina wa ku ofesi yake amene anaima kumbuyo.

Mayiyo anatsegula, anawerenga mofulumira, nkhope yake n'kusintha. Anawerama n'kulankhula ndi ine, mu Chingelezi cha kuno chothamanga chimene bambo sankachimva bwino pakakhala phokoso. Anafunsa ngati tachita apilo. Anati nduna ilibe mphamvu yolowerera pankhani imene bwalo loona madandaulo silinaweruze. Anabwereza kawiri kuti ndiwauze bambo asaphonye tsiku.

"Akuti chiyani?" anandifunsa bambo.

Nkhope yawo inali yowala. Chibwerere ku Perth ndinali ndisanawaonepo chotero. A Zulu anali chapafupi, akuyang'ana, ndi azibambo ena a kutchalitchi.

"Akuti alandira, adadi," ndinatero.

Panali patatsala masiku khumi. Ndinali nditawerengera.

Masiku khumi amenewo ndinkapita kusukulu, ndinkatsuka mbale, ndipo ndinkayang'ana chitini chija pamwamba pa kabati. Kawiri ndinaima pakhomo la khitchini, amayi ataviika mapazi awo otupa m'beseni la madzi ofunda. Kawiri konseko ndinabwerera. Ndinaleredwa kuti mwana sawongola bambo ake pagulu, ndiponso satenga mawu a bambo kupita nawo kwa amayi. Ndinasunga malamulo onse awiri.

Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. Linali tsamba limodzi, laulemu. Linathokoza bambo chifukwa cha ntchito yawo ya usilikali, kenako linanena zomwe zija anandiuza mayi wa muholo. Nthawi imeneyi amene anatsegula envulopu anali amayi. Anawerenga ataimirira, asanavule n'komwe yunifolomu.

"Bambo a Tamanda, kalata yoyambayo ili kuti?"

Bambo anatsitsa chitini. Amayi anawerenga mpaka tsamba lomaliza, ndipo atakweza maso sanayang'ane bambo. Anayang'ana ine.

"Iwe unawerenga zimenezi?"

"Inde, amami."

Sanakalipe. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Tinachoka ndi masutikesi asanu ndi limodzi. Ku Lilongwe bambo anapeza ntchito yoyang'anira alonda, amayi ankasoka mayunifolomu a sukulu. Ndunayo nayo sinakhalitse. Inasamutsidwa pa unduna uja, ndipo patsogolo inagwa pachisankho. Ine ndinabweranso ku Perth patatha zaka zisanu ndi zinayi kudzaphunzira utolankhani, ndipo tsopano ndimakhala ku Cannington. Tsiku lina ndinamuona munthuyo m'sitolo yaikulu ya kumeneko, imvi zili mbuu, akusankha matimati yekha. Palibe amene anamupatsa sawatcha. Ndinafufuza mkwiyo mumtima mwanga koma sindinaupeze. Sanatinamize. Analandira kalata, ofesi yake inatichenjeza, ndipo chenjezolo linathera mwa ine.

Zaka zambiri ndinkadziuza kuti tsiku lija ndinasunga ulemu. Tsopano ndikudziwa kuti anali mantha. Ndikanawachititsa manyazi bambo mphindi imodzi pamaso pa anzawo, mwina akanakalipa njira yonse yobwerera kunyumba, koma bwalo likanamva nkhani yathu. Sindikudziwa ngati tikanapambana. Chimene ndikudziwa n'chakuti sitinamvedwe n'komwe.

Chaka chino ndabereka mwana wanga woyamba, ndipo ndapempha viza yoti makolo anga adzamuone. Lamlungu lapitali bambo anandifunsa pafoni, mawu awo atafooka ndi ukalamba:

"Kodi a meja aja ndiwalembere kakalata? Mwina angatiponyere mawu."

"Ayi, adadi. Alibe mphamvu. Ngakhale tsiku lija analibe. Mayi uja anandiuza muholo muja kuti tichite apilo, ine sindinakuuzeni."



"Unali mwana," anatero bambo. "Kalatayo ndinabisa ndine." Anatsokomola. "Chabwino, a komanda. Nenani poti ndisaine."

Mafomu onse anapita. Yankho tikuliyembekezera mwezi wamawa. Likafika ndidzayamba ndi tsamba lomaliza, kenako ndidzawaimbira onse awiri n'kuwawerengera lonse, mokweza.