Maso a Telala ndi Nyenyezi Imene Inakana Kuzima

Inu amene mwagwa mphwayi, imvani za mayi wina wosita zovala.

Tsiku limene mtima wake unasweka, anthu anali atadzaza pabwalo la kuseri kwa shopu ya bambo ake, telala wokalamba. Mayiyo anali atalonjeza kuti ikangokwana seveni koloko madzulo, nyenyezi ina izima kwa masekondi anayi. Bambo ake anaika diso pa makina oonera kutali n'kudikira. Seveni inakwana, inapitirira, nyenyezi ili ngwee.

"Kapena nyenyeziyo sinalandire uthenga wanu, mayi," anatero wometa tsitsi wa shopu yoyandikana nayo. Anthu anaseka n'kumabalalika.

Kusekedwako sikunamupweteke kwenikweni, poti anali atazolowera. Mayeso anawalephera kawiri, ndipo banja linatha asanabereke. Chinamulasa mtima n'chakuti maso a bambo ake ankafa. Ulusi ankachita kuwalowetsera pa singano, ndipo dokotala anali atanena kuti chaka sichitha akuona. Mayiyo ankafuna kuti bambowo asanalowe mumdima, aoneko chinthu chimodzi chimene mwana wawo wachita bwino.

Masamu olosera kuzima kwa nyenyezi anawaphunzira kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene ankabweretsa malaya kudzasititsa. Mkuluyo ndiye anamuuza kuti kumwambaku kumayenda zimiyala zikuluzikulu. Chimwala chikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, nyenyeziyo imazima kanthawi kochepa, koma amaona ndi okhawo amene aima m'kanjira kopapatiza komwe mthunzi wake ukudutsa. Ntchito ndi kuwerengera kuti mthunziwo udutsa pati, nthawi yanji. Zaka zitatu mayiyo ankawerengera pa thebulo lositira, simbi ikatentha n'kuika pensulo pambali.

M'mawa wa pambuyo pa kusekedwa kuja, anabweza makina oonera kutali aja kwa mwini wake, mphunzitsiyo, maso atatupa.

"Aphunzitsi, tengani. Ine mutu wanga ndi wa simbi basi."

"Walemba lipoti?"

"Ndilembe chiyani? Sitinaone kanthu."

"Lemba zomwezo. Malo amene munaima, nthawi yake, ndi kuti sinazime. Ukatero wawauza anzako kumene chimwalacho sichinadutse. Amene anaona ndi amene sanaone, onse amajambula chimwala chimodzi."

Analemba akulira, n'kutumiza ku gulu la anthu oona nyenyezi. Patapita mwezi anamuyankha kuti mthunzi unadutsa makilomita makumi awiri kumpoto, ndipo lipoti lake linathandiza kukonza njira ya chimwalacho. Anamupemphanso kuti aziwerengera nawo limodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma matenda a maso sadekha. Chimwala chomwecho chinatenga zaka zinayi kuti chidutsenso nyenyezi ina mthunzi wake n'kugwera dera lawo. M'zaka zimenezo mayiyo analakwitsanso kangapo, n'kumalemba kulakwitsa kulikonse. Makina osokera anafundidwa nsalu. Bambo ake anayamba kuyenda chogwira khoma.

Tsikulo litafika, mayiyo ndiye anagawa malo kwa anthu khumi ndi awiri m'mbali mwa msewu waukulu, aliyense ndi wotchi yake. Yekha anatsala pabwalo la kuseri kwa shopu, bambo ake atakhala pa mpando pambali pake, nkhope italoza kolakwika.

"Ziwerenga mokweza, mwanawe," anatero bamboyo.

Anawerenga chotsitsa. Atafika pa ziro, nyenyezi inazima ngati wina wauzira kandulo. Mayiyo anapenyetsetsa pomwepo mpaka nyenyeziyo inayakanso.

"Wangoti zii bwanji? Yazima?"

"Yazima, ababa. Masekondi anayi, pa nthawi yake yeniyeni."

Telala anafufuza dzanja la mwana wake mpaka analipeza.

"Ine ndinakhulupirira tsiku loyamba lija, mwanawe. Unkangodzivutitsa kufuna kundionetsa."

Mayiyo analira kwambiri kuposa tsiku limene anasekedwa, chifukwa chimene ankathamangira chinali chitamudutsa kale. Lero anthu a kutali amanyamula makina awo kukaima pamene iye wanena, koma bambo ake anamwalira asanaone nyenyezi ikuzima ngakhale kamodzi.

Sindikunamizani kuti khama limabweza zonse. Zina zimapita, ndipo zimapweteka mpaka kale. Koma tsiku limene mwadikira osaona kanthu, musaling'ambe m'buku. Lilembeni, mudzuke, muwerengerenso. Osataya mtima, abale anga.