Buku Langa Linagona kwa Ba Cheyamani

Ndili mu giredi teni ndinkakhala pa desiki yachitatu kuchokera kutsogolo, pafupi ndi zenera. Sindinali woyankhula. Aphunzitsi akafunsa funso, yankho ndinkalidziwa koma dzanja silinkakwera. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, kamene ndinkabisa m'kati mwa pilo.

Amayi anga ankagulitsa tomato, anyezi, impwa ndi kapenta pa msika waung'ono wa kwathu ku Dambwa. Tebulo lawo linali lachiwiri kuchokera pachipata, pamene anthu otsika minibasi amayambira kugula. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho tebulo limenelo ndi limene linkatidyetsa ine ndi ang'ono anga awiri.

Matebulo a pamsikapo ankagawa ndi ba cheyamani. Anali munthu wa chipani, ndipo palibe amene ankakumbukira kuti anasankhidwa liti. Ukawakwiyitsa, m'mawa mwake unkapeza tebulo lako lili kumbuyo, pafupi ndi ngalande, kumene ntchentche zimachuluka kuposa ogula. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anangoseka nyimbo ya chipani, sabata isanathe malo ake anali ndi mwini wina.

Chaka chimenecho chinali cha chisankho, ndipo zipani zinkagawa zitenje. Amayi anali nazo ziwiri, cha chipani cha ba cheyamani ndi cha chipani china. Choyambacho ankavala kumsika. Chinacho chinkakhala chopinda pansi pa dengu, kudikira tsiku limene zinthu zingatembenuke. Azimayi ambiri ankachita zomwezo, koma palibe amene ankazitchula.

Aphunzitsi athu a Siviki anali mayi wamtali, woyankhula pang'onopang'ono. Sabata imeneyo ankatiphunzitsa mitundu ya maboma: ufumu, demokalase, ndi ulamuliro wa munthu mmodzi amene safunsa aliyense.

"Uwo wa munthu mmodzi tiudziwa, madamu," anatero mtsikana wina wa kutsogolo. "Ni wa ba mami kunyumba."

Kalasi yonse inaseka, aphunzitsi nawonso. Kenako anatiuza kuti chipani chilichonse chimayenera kukhala ndi mfundo zimene chimakhulupirira, za mmene dziko liyenera kuyendera. Ine ndinaganiza za zitenje ziwiri zija. Nsalu yake inali imodzimodzi, nkhope zokha ndi zimene zinkasiyana.

Lachinayi analemba mawu awiri pa bolodi, mphamvu ndi ulamuliro. Anati mphamvu ndi pamene ungathe kumchititsa munthu chinthu chimene sakufuna. Ulamuliro ndi pamene anthu eni ake avomereza kuti uwalamule, chifukwa anakusankha kapena lamulo linakuika.

"Kawalala wokhala na mpeni ali na mphamvu," anatero. "Koma nindani anamuvotera?"

Ntchito ya kunyumba inali kulemba tsamba limodzi, m'Chingerezi, la chitsanzo cha kumene timakhala. Sindinavutike kufunafuna. Ndinatulutsa kabuku kanga mu pilo n'kumasulira zimene ndinali nditalemba kale. Ndinalemba kuti ba cheyamani a pa msika wathu ali ndi mphamvu koma alibe ulamuliro. Ndinalemba za mayi wa nsomba uja. Ndinalembanso kuti amayi anga ali ndi zitenje ziwiri chifukwa cha mantha.

Sindinaone choopsa. M'kalasi mwathu tinali ochuluka, aphunzitsi sakanatha kuchonga mabuku onse, ndiye tinkasinthana ndi amene wakhala naye desiki. Mnzanga wa pa desiki anali mtsikana wofatsa wa ku Malota, amene sankadziwa aliyense pa msika wathu.

Koma Lachisanu aphunzitsi anati, "Mwayamba kukonderana mamakisi. Lelo aliyense apatse buku wa kumbuyo kwake."

Kumbuyo kwanga kunkakhala mwana wa ba cheyamani.

Sitinali adani, sitinalinso abwenzi. Anali mtsikana wa mawu okwera, wosewera netibo, amene ankandiitana kuti ba sisita chifukwa cha kukhala chete kwanga. Anatambasula dzanja paphewa langa. Ine ndinagwira bukulo ndi manja awiri.

"Bweretsa, ba sisita. Siningakudyere."

Ndinampatsa. Sindinacheuke. Ndinamva akutsegula masamba, kenako kumbuyo kwanga kunangoti zii. Aphunzitsi anali asanamalize kufotokoza kachongedwe pamene belu linalira.

"Mutenge kunyumba, muchonge bwino, mubweze pa Mande," anatero, n'kutuluka.

Ndinaona buku langa likulowa m'chikwama chake. Ndinamtsatira mpaka pachipata cha sukulu, ndikufuna kumupempha bukulo, koma anali pakati pa anzake a netibo. Anangondiyang'ana kamodzi, osaseka, n'kupita.

Tsiku limenelo sindinadye. Amayi anandigwira pamphumi n'kufunsa ngati ndi malungo. Ndinati ndi mutu chabe.

Loweruka ndinkathandiza kumsika. Kunkazizira, ndipo poika tomato m'milu mulu umodzi unandigwa kawiri. Nthawi zonse maso anga anali pa kaofesi ka ba cheyamani. Dzuwa litakwera ndinawaona akutuluka, atavala chipewa cha chipani, akubwera molunjika kwa ife. M'dzanja lawo munali buku langa, lokutidwa ndi pepala la khaki lija ndinakuta ndekha.

"Mwauka bwanji, ba cheyamani," anatero amayi, akupinda maondo pang'ono.

Iwo sanayankhe moniwo. Anandiloza ndi bukulo.

"Ni iwe unalemba za ine?"

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Amayi anayang'ana ine, kenako bukulo.

"Yankha, iwe," anatero amayi motsitsa mawu.

"Ni ine."

Ba cheyamani anaseka mpaka mano onse kuoneka. "Mayo, muli na mwana. Wanga ananiwerengera vonse dzulo. Ati ba cheyamani asunga mtendere mu maliketi, ati palibe kawalala chifukwa cha ine. Ku sukulu banidziwa manje." Anatembenukira kwa azimayi a matebulo oyandikana. "Mwamvera? Imwe mungodziwa kudandaula chabe."

Sindinamvetse msanga. Kenako ndinakumbukira zimene aliyense ankadziwa koma osanena, kuti ba cheyamani sankawerenga Chingerezi. Mwana wawo anawawerengera zimene munalibe m'bukumo.

Ndinkaganiza kuti tapulumuka pamene ba cheyamani anawonjezera kuti, "Ili buku nizasunga. Pa Mande kubwera bakulu ba chipani, nifuna baone na maso yawo."

Anatenga tomato mmodzi, n'kumupukuta pa malaya, n'kumapita akudya.

Amayi sanandifunse pamaso pa anthu. Anadikira mpaka masana, ogula atachepa, n'kundikokera kuseri kwa matumba a makala.

"Unalemba chani? Usaniname."

Ndinawauza zonse, maso ali pansi.

"Na vitenge unalemba?"

"Ee."

Ndinkayembekeza khofi. Sanandimenye. Anakhala pa thumba la makala osasamala kuti awadetsa, n'kuyang'ana tebulo lawo kwa nthawi yaitali.

"Bakulu ba chipani bawerenga chizungu," anatero.

"Nidziwa, mami."

"Ba ticha bako bali na malipiro kumapeto kwa mwezi. Ife tili na tebulo." Anaimirira n'kudzisasa. "Tiye, kastoma aimirira."

Lamlungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangowerenga m'mutu ziganizo zanga, chimodzi chimodzi, ndikumva mmene zingamvekere m'kamwa mwa mlendo wovala suti, ba cheyamani ataima pambali pake akumwetulira, kenako kumwetulirako kukutha. Ndinaganiza zopita kwa aphunzitsi, koma sindinkadziwa kumene ankakhala. Ndinaganiza zolowa mu kaofesi kaja pazenera. Ndinapemphera ngakhale kuti mvula igwe denga lidonthe, chonsecho unali mwezi wozizira, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Titaweruka, ndili kuseri kwa nyumba kutsuka mbale, ndinamva wina akuti odi. Anali mwana wa ba cheyamani, adakali ndi zovala za kutchalitchi. Anaweramira amayi mwaulemu, kenako anabwera kuseri n'kutulutsa buku langa pansi pa juzi.

"Ba dadi bayenda ku miting'i. Tili na awala imodzi. Uli na bolopeni yamene unalembera?"

Ndinakhalabe pansi, mbale ili m'manja.

"Ba sisita, uka. Nilibe nthawi."

Tinalowa m'chipinda. Anatsegula mawaya a pakati pa buku ndi chikhadabo, n'kuchotsa tsambalo pamodzi ndi linzake la kumbuyo kuti pasaoneke pong'ambika. Anachita mwaluso, ngati anazichitapo kale.

"Zikomo," ndinatero.

"Uganiza ninachitira iwe? Ba dadi banapeza buku mu chola changa, ati niwerengere vamene muphunzira. Sembe ninawerenga vamene unalemba, sembe banayambira pa ine na ba mami. Iwe suwadziwa bakakalipa." Anandikankhira bukulo. "Lemba. Nizakuuza vamene ninakamba, visasiyane."

Ndinalemba tsiku la Lachinayi pamwamba. Iye ankanena m'Chinyanja, ine ndikuika m'Chingerezi. Ba cheyamani athu ndi chitsanzo cha ulamuliro. Anthu a pamsika amawakonda. Amagawa matebulo mwachilungamo. Pa mawu amenewa dzanja langa linaima.

"Chilungamo sudziwa sipelo yake?"

"Niidziwa."

"Manje?"

Ndinaganiza za mayi wa nsomba, amene panthawiyo ankayenda ndi beseni pamutu m'misewu ya Dambwa. Kunja ndinkamva amayi akusesa pamalo amene anali atasesa kale m'mawa. Ndinalemba.

Titamaliza anatulutsa bolopeni yofiira, nachonga mzere uliwonse, n'kulemba mamakisi pansi.

"Naini pa teni. Nikakupatsa yonse bazadabwa." Anatenga tsamba lakale lija, analiwerenganso mwakachetechete, nkhope yake itauma. "Ivi va ba mayo ba nsomba ni vazoona?"

"Ee."

Anandipatsa tsambalo. "Shoka. Osati kutaya mu bini, shoka." Ndinaliika pa mbaula iye akuona, kenako anabisa buku pansi pa juzi n'kuthamanga.

Lolemba akuluakulu a chipani anabweradi. Ine ndinali kusukulu, ndipo tsiku lonse ndinkangoyang'ana pazenera ngati msika ungaoneke. Aphunzitsi atafunsa za buku langa, mwana wa ba cheyamani anati waliiwala kunyumba. Nditaweruka ndinathamanga osaima. Ndili patali ndinaona mutu wa amayi pa tebulo lachiwiri kuchokera pachipata, akuthira madzi pa masamba a lepu. Ndinakhala pansi pa mwala m'mphepete mwa msewu mpaka mtima unatsika.

Buku linabwera Lachitatu. Aphunzitsi analiwerenga ali chiimire pambali pa desiki yanga. Ankadziwa kalembedwe kanga. Anandiyang'ana, anayang'ana wa kumbuyo kwanga, n'kusaina osafunsa chilichonse. Ndikanakonda akanandikalipira.

Koma nkhaniyo sinathere pomwepo. Ba cheyamani anali atajambulitsa tsambalo pa makina, n'kulimata pa khoma la kaofesi kawo, mkati, pamwamba pa mpando wawo. Pansi pake anauza wina kuti alembe dzina langa lonse ndi la amayi, ndi inki yakuda. Aliyense wolowa ankaliona. Azimayi ena anasiya kundipatsa moni bwino. Ndipo chisankho chinkayandikira. Tsopano ndinkaopa mbali zonse ziwiri. Chipani cha ba cheyamani chikapambana, tsamba lidzakhala pomwepo, bodza langa lili pakhoma. Chikagwa, obwera kumene adzalowa mu ofesimo n'kuwerenga maina a amene ankatamanda munthu wakale, ndipo tebulo lidzapita basi.

Sindinawauze amayi za mantha amenewa, koma iwo anali atawerengera kale. Azimayi a pamsika ankasinthana kusesa kaofesiko, ndipo amayi anayamba kupempha kuti azisesa m'malo mwa anzawo otanganidwa. Tsiku lina m'mawa anandituma kuti ndiwapititsire ndowa ya madzi. Ndinawapeza ali okha, akupukuta khoma ndi kansalu konyowa. Atafika pa tsambalo sanalichotse. Anangodutsitsa kansaluko pansi pake, pa maina, kamodzi kokha, mopepuka. Inki inali itayamba kale kufalikira.

"Tsiku lililonse pang'ono," anatero osacheuka. "Bakafunsa, ni chinyontho cha mu chipupa."

Pofika sabata ya chisankho, dzina la amayi linali banga lotuwa, ndipo pa langa panatsala chilembo choyamba chokha. Ba cheyamani sanazindikire. Amayi anapitiriza kuyala tomato pa tebulo lawo m'mawa uliwonse, ndipo ine Loweruka ndinkaima pambali pawo, msana wanga utaloza ku kaofesi kaja.