Malo a Che Amidu pa Mkeka

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu Sitandade 7, pamene amalume anga a Fabiyano anayamba kundiphunzitsa kujambula zithunzi. Anali ndi kachipinda pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Balaka, ndipo kamera yawo inali ya filimu, yolemera, lamba wake wonunkha chikopa chakale. Ana awo aamuna analibe nazo chidwi, choncho anaikoleka m'khosi mwa ine, mtsikana, mwana wa mlongo wawo.

Malamulo awo anali ochepa. Dzuwa likhale kumsana kwako. Usadule munthu mapazi. Gwira mpweya usanadine. Koma lomwe ankabwereza kwambiri linali lakuti munthu adzaze chithunzi chonse, filimu isathere pa mpanda ndi thambo.

Pa tchuthi tinapita kumudzi wina wa asodzi kufupi ndi nyanja ya Chiuta kukajambula ana a kumadarasa. Titamaliza, dzuwa litapendeka, mayi wina wa mpango woyera, Abiti Yusufu, anatiitanira kunyumba kwawo.

"Mundijambule ndi amuna anga, Che Amidu," anatero.

Amalume anandipatsa kamera. "Ichi ujambula ndiwe."

Mayi aja anayala mkeka pafupi ndi khoma, nakhala mbali imodzi. Ine ndinaima kudikira kuti bambowo atuluke. Pakhomopo panali zii, kungomveka fungo la matemba oyanikidwa pathandala. Apo m'pamene mnansi wawo anasendera kwa amalume n'kuwanong'oneza, ine ndikumva. Che Amidu analowa m'nyanja nthawi ya dzinja, koma lomwe linabwerera ndi bwato lokha. Mtembo sunapezeke.

 Ndinakumbukira lamulo lija, ndipo ndinasendera pafupi kuti mayiwo adzaze chithunzi. Amalume anandigwira paphewa.

"Bwerera m'mbuyo. Sukuona kuti asiya malo?"

"Koma amalume, palibe munthu."

"Iyayi. Jambula onse awiri."

Ndinabwerera m'mbuyo n'kuika diso pa kagalasi. Abiti Yusufu anatembenukira kumalo opanda munthu aja, nayankhula motsitsa m'Chiyao. Kenako anatukula dzanja n'kusasa m'malere, monga amachitira mkazi pochotsa fumbi paphewa la mwamuna wake, ndipo anaseka ngati ayankhidwa. Nditatsitsa maso kuti ndione ngati mapazi alowa, ndinaona kuti mbali imeneyo ya mkeka inali yonyowa, chonsecho mvula inali itasiya kalekale.  Mpweya sindinachite kuugwira, unaima wokha, ndipo ndinadina.



Filimu itatsukidwa, tinachiyang'ana chithunzicho tili awiri. Mayi aja anaoneka bwino, akumwetulira. Pambali pawo panalibe munthu, koma pakhoma panali chithunzithunzi chakuda cha munthu wokhala pansi.

"N'chako chimenecho," anatero amalume. "Dzuwa linali kumsana kwako."

"Ine ndinali chiimire, amalume. Ndipo uyu wavala kofiya kumutu, ine sindinavale."

Anachiyandikitsa kumaso nthawi yaitali, kenako anachilowetsa mu envelopu.

Titakapereka, Abiti Yusufu anachilandira ndi manja awiri. Nkhope ya iwo eni sanaiyang'ane n'komwe. Maso awo anapita kumbali ija.

"Aonda," anatero, "koma ndi iwowo."

Analowa nacho m'nyumba. Mnansi uja anadzauza amalume patapita nthawi kuti kuchokera tsiku limenelo mayiwo anasiya kupita kudooko m'mawa uliwonse kukayembekeza mabwato, ndipo anavomera kuti achibale achite sadaka ya womwalira, yomwe ankaikana.

Lero ndimadya za kamera. Ndajambula maukwati ndi maliro ambiri, ndipo zomwe zinali pakhoma lija sindinazimvetsebe. Mwina unali mtengo wa kumbuyo kwanga, mwina ayi. Chomwe ndikudziwa n'chakuti anthu sabwera okha pamaso pa kamera. Mwana wamasiye amaima mopendekera kumene kukanaima mayi ake, ndipo bambo woferedwa amasiya mpata pabenchi osadziwa kuti wausiya. Ophunzira anga akafuna kusendera pafupi kuti mpata wotero uchoke, ndimawagwira paphewa n'kuwauza kuti ayambe afunsa mwini wake kuti pamenepo pakhala ndani.