Che Lifa ndi Thumba la ku Kawinga

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, Che Lifa, ndimamva fungo la makala a m'simbi, chifukwa ngakhale anali atapuma kalekale pa ntchito yotanthauzira milandu kukhoti la ku Machinga, ankasitabe jekete lawo lofiirira m'mawa uliwonse pakhonde pathu ku Balaka, utsi ukutiwawa m'maso, sitima ikulira kusiteshoni.

Chaka cha njala chija tinkadya mango aawisi ophika ndi phala la gaga. Akomiti ya msika analamula kuti chimanga chigulitsidwe pa mtengo wakale, wokweza alandidwe thumba. Amayi anaombera m'manja. Agogo anapukusa mutu.

"Iyayi, mwana wanga. Wolemba lamulo ayambe wafunsa kuti wogulitsa adzatani mawa lake."

Anthu anawatcha mnzawo wa mavenda, ndipo kumzikiti ena anasiya kukhala nawo pafupi. Sabata isanathe, chimanga chinasowa pamsika. Chinkagulitsidwa kuseri kwa nyumba, chodula kuposa kale, amayi n'kumabwerako ndi dengu lopanda kanthu.

Tsiku lina akomiti anagwira Abiti Saidi, mayi wa ku Kawinga, akugulitsa mokwera mtengo thumba limodzi la chimanga lomwe anabwera nalo panjinga, mapazi atang'ambika ndi ulendo wa masiku awiri. Agogo atamva, anapita kukaima pamaso pa komiti.

"Lamulo waphwanyadi," anatero. "Koma mukamulanda, mudya lero lokha. Kwawo akamva, njinga ina idzabweranso kuno?"

Wapampando, amene mwana wake anali atatupa miyendo ndi njala, anakuwa: "Ndiye azitifinya, Che Lifa?"

Agogo anayankha: "Akufinyani, inde. Koma thumba losabwera silidyetsa mwana." Anapempha kuti mayiyo agulitse pa mtengo wake, koma aliyense agule mbale imodzi yokha, kuti olemera asasese chonse.

Akomiti anavomera monyinyirika, ndipo njinga zinayambanso kubwera. Chimanga chinali chodulabe. Amayi anagulitsa mbuzi yathu yomaliza, ndipo kwa masiku angapo sankawayankhula agogo. Koma tinadya.

Lero ndili mu komiti ya mjigo wa kwathu. Tikati tikhazikitse chindapusa, ndimayamba ndafunsa za mayi amene sangachikwanitse, ngati sitikumubweza kukatunga madzi oipa kudambo. Anzanga amati ndimachedwetsa misonkhano. Ndimavomera, koma ndimafunsabe.