Sindinafufute Mawu a Bambo

Ndinadzuka kusanache, amayi a Mvano akuimbabe motopa pa siwa ya bambo. Kuseri kwa nyumba moto unali utasonkhedwa kale, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha nkhungu yochokera kuphiri. Pa mfundo ya chitenje changa ndinali nditamanga rekoda ya bambo, kachipangizo kojambulira mawu kochepa ngati chitsononkho.

Rekodayo anatumiza ndi achimwene a ku Joni kuti bambo azijambulira nyimbo za kwaya. Koma bambo sanaphunzire konse kuizimitsa. Ankadina batani lofiira, n'kuiponya m'thumba, n'kumapita kudimba. Pa mafayilo makumi anayi, a nyimbo anali asanu okha. M'mafayilo enawo munali khasu, chifuwa, ndi munthu akukalipira mbuzi za eni.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena wapansi kuchokera kwa Malemia, ena pa kabaza. Adzukulu atatumiza uthenga kuti manda atha, amalume anandiitanira pambali. Achimwene analephera kubwera, ndiye anaimba foni kuti mwambo wonse ujambulidwe pa rekoda, poti mafoni athu ndi a mabatani. Nditaiyatsa, inalemba kuti malo atha. Kompyuta yoti n'kusamutsirako mafayilo inali kutali, ku Zomba.

"Fufuta zaphokosozo, mwanawe," anatero amalume. "Achimwene ako, eni chinthuchi, akufuna ulaliki."

"Ulalikiwo abusa adzaubwereza pa maliro ena, amalume. Bambo sadzabwerezanso."

Ndinakhala pansi pomwepo iwo akuona, n'kuyamba kutseka fayilo iliyonse ndi kaloko kake, imodziimodzi, kuti chala cha munthu chisaifufute. Sindinaleke mpaka ndinafika pa ya makumi anayi. Amalume anati ndine mwana wamwano. Mwina ndi zoona. Achimwene ndinkawamvera chisoni, ndipo mpaka lero zimandiwawa, koma sindinapepese.

Tinanyamuka masana kukuwaza kamvula. Bokosi linadutsa m'mphepete mwa dimba lomwelo, mpiru wa bambo utayamba kufota. Kumanda anthu analankhula zabwino zambiri, ena oti sanabwereko kudzazonda matenda. Rekoda inali zii pa chitenje changa. Sindinajambule mawu ngakhale amodzi.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munatsala mphasa zopindapinda ndi fungo la utsi. Mayi anakhala pakhomo la kuchipinda. Ndinasankha fayilo ina mwachisawawa n'kudina. Kunamveka khasu, kenako kupuma kwa wefuwefu, kenako mawu aja, okwiya pang'ono monga mwa masiku onse:

"Amake Tiya, madzi aja mwaiwala kodi?"

Mayi anadzutsa mutu.

"Ndikubwera," anayankha.